Tsiku Limene Kwaya Yathu Inalandira Ndege Yotera ndi Mimba

Ndinayambitsa ndine, ndipo amene akudikira kuti ndilire adikira mpaka mvula.

Tinanyamuka ku Lobi m'mamawa, kwaya yonse ya kutchalitchi kwathu, pa lole imene aliyense anasonkhera zikwi zitatu. Tinkapita ku mpikisano wa makwaya ku Dedza, umene mayi Nabanda, otsogolera kwaya, anatikonzekeretsa mpaka mawu kusasa. Fumbi la mumsewu linatidzola tonse ngati kachewere wongokumba kumene.

Pa Chimbiya adalaivala anaima kuti athire madzi m'galimoto. Ndikugula tchipisi pachiwaya, wokazingayo anandiuza kuti kandege katera ndi mimba pabwalo la udzu la esiteti ina chapafupi.

"Ndi mimba bwanji, achimwene?"

"Woyendetsa anaiwala kutulutsa mateyala, mphwanga."

Ine wa Folomu 3 wathunthu, ndege ndinali ndisanaionepo pafupi. Ndinabwerera ku lole ndi nkhope ya Lachisanu Loyera.

"Mayi, mlendo wa Ambuye Episkopi wapulumuka pa ngozi ya ndege. Ali yekha kutchire, womulandira palibe."

Mayi Nabanda anayang'ana dzuwa, anayang'ana msewu wa ku Dedza, n'kuchita chizindikiro cha mtanda. "Adalaivala, khotani."

Tinakapeza kandegeko kali gone mu udzu, chopukusa mphepo chakutsogolo chitapindika ngati makutu a galu, kumbuyo kutatsala mzere ngati padutsa pulawo. Paphiko panakhala bambo wachinyamata atagwira mutu. Azimayi anayala zitenje pansi kuchokera pandege mpaka palole, nyimbo yolandira alendo n'kuyamba, nthungululu pamwamba.

"Mlendo wa Ambuye ali kuti, bambo?" anafunsa mayi Nabanda.

"Mayi, muno muli ine ndi makatoni a mankhwala a ng'ombe basi."

"Nanga mateyala?"

"Alimo, m'kati. Kabelu kochenjeza kamalira ndithu, koma ine maso anali pa mbuzi zimene zinadzaza pabwalo."

Kwathu zitenje zikayalidwa sizipindidwa mlendo asanapondepo. Anayenda ndithu bamboyo, thukuta lili kamukamu, azimayi akumuvinira ngati wachita zakupsa.

Ku Dedza tinafika oweruza akupakira mipando. Mayi Nabanda anangondiyang'ana, ndipo diso limenelo linandilasa pang'ono pa ulendo wobwerera, mpaka cha pa Chimbiya.

Chilango changa chinali kuchapa zitenje zonse zija pamjigo, atsikana a m'kwaya ataima chozungulira akuseka. Ndinachapa ndikuimba besi. Ndinaphunzirapo kuti kabelu kakamalira, zisiye mbuzi. Koma bambo uja ndi sukulu yake yonse anaiwala mateyala, pamene ine sindinaiwale chitenje ngakhale chimodzi.