Mmene Tinkatsekera Amalume Pakamwa ndi Nzimbe

Mlongo wanga wamng'ono anaphunzira kugwetsana pamchenga woyanikapo makoka. Anamuphunzitsa ndi amalume, amene paunyamata wawo anakunkhuniza anzawo onse kuyambira kwathu mpaka ku Kanyenda. Luso lawo linali limodzi: kukola mwendo, munthu khuu pansi!

Ndiye kusekondale kunabwera mphunzitsi wina ndi kugwetsana kwa Agiriki ndi Aroma. Kumeneko mwendo sagwira, sakola. Mnzako umamugwira kuyambira m'chiuno kupita kumtunda, kumunyamula n'kumugoneka chagada. Mlongo wanga, mapewa atakhwima kale ndi nkhafi, zinangomukhala.

Pampikisano woyamba ku Lilongwe tinapita ndi amalume. Zinthu zili bwinobwino, tinangoona adzambatuka: "Mphwanga, mwendo uwo! Kola!" Mwana woleredwa bwino, wosayembekeza kuti amalume ake anene kawiri, anakola. Woimbira anamuchenjeza. Amalume anakuwanso, iye anakolanso, mpaka woimbirayo anamutulutsa. Ine mtima unandiwawa zedi. Mphunzitsi ananena poyera kuti zikadzachitikanso, basi, abwerere kungalawa.

Nanga mwini mbumba n'kumuuza kuti akhale chete? N'kumusiya pakhomo? Aa, tikanaziona. Ndiye ndinapeza nzeru. Mpikisano ukayandikira ndinkagula nzimbe za ku Dwangwa, zonenepa zija, n'kukhala pambali pawo ndi mpeni. Likhweru likangolira, ine: "Amalume, talawani iyi." Akati ayasamule, ina ili kale m'manja. Mlongo wanga anapambana ku Mzuzu, anapambana ku Blantyre, amalume akungotafuna. Dzino lina linatsala m'nzimbe, koma sanadandaule. Pobwerera ankauza anthu kumzikiti kuti mwanayo ndi dzanja lawo.

Zaka zinapita, phewa linayamba kumuvuta mlongo wanga. Anati alowa mpikisano komaliza, ndipo chimene chinatsala n'chimodzi: ukatswiri wa dziko lonse. Tsiku limenelo mlonda wapakhomo la holo anandilanda mtolo wonse, ati makoko amadetsa. Ndinachonderera, ndinakalipa, munthu uja osasuntha.

Ndinalowa chimanjamanja. Mlongo wanga anandiyang'ana ali pamphasa yogwetsanapo, naona kuti ndilibe kanthu. Nkhope yake inagwa. Pamenepo ndinagwada pamaso pa amalume anthu akuona.

"Amalume, pepani, ndilankhule ngati mwana wopanda mwambo. Mukakuwa lero, mwana uyu watha."

Ndinati lero andilavulira. Koma anavula kofia yawo yoyera, ya pa Ijumaa, n'kuipinda, n'kuiluma.

Wogwetsana ndi mlongo wanga anali msilikali, chimunthu chosasunthika, ndipo mwendo ankausiya poyera ngati dala. Amalume maso ali psuu, thukuta kamukamu, phazi lawo likukola mwendo wa benchi mpaka tonse tinkagwedezeka. Koma mawu, ng'o! Nthawi itatsala pang'ono kutha, mlongo wanga anamukumbatira msilikali uja m'chiuno, kumuzula, n'kupita naye chagada. Holo yonse inaphulika. Ine nthungululu, mpango uko!

Woimbira atakweza dzanja la mlongo wanga, amalume anachotsa kofia pakamwa, itabooka. Misozi ili chuchuchu, anandikoka chitenje ngati kamwana.

"Iwe, tsopano ndingakuwe?"

"Kuwani, amalume."

Mayo ine! Anakuwa mpaka mlonda uja anabwera chothamanga. M'minibasi anthu anachita kusinthana nawo malo. Tinadutsa Salima mawu atasasa, koma mutu uli pawindo, akuuzabe aliyense wam'mbali mwa msewu kuti mphwawo wagwetsa dziko lonse.