Kandulo ya a Mfuko

Apongozi anga aamuna anthu amangowatchula kuti a Mfuko, chifukwa moyo wawo wonse anathera pansi pa nthaka, kukumba zitsime. Ndi munthu wamfupi, wamapewa otambalala, khutu limodzi logontha. Ukawauza chinthu amangoti "eya, eya," uku akugwedeza mutu, chonsecho sanamve kanthu. Lamulo lawo linali limodzi: asanatsike m'dzenje lililonse ankayatsa kandulo, kuiika m'chitini, n'kuitsitsa ndi chingwe. Ikazima, ndiye kuti pansipo palibe mpweya wopuma, ndipo tsiku limenelo olo uwalonjeze ng'ombe sankatsika.

Mijigo itachuluka, ofuna zitsime anasowa. Bambo aja anayamba kungokhala pakhonde, kukalipira nkhuku. Ine ndimaphika pasukulu ina yogonera komweko, ndipo sukuluyo inali itasiya nkhuni n'kuyamba kuphikira gasi wochokera ku ndowe za nkhumba ndi ng'ombe. Anamanga thanki yaikulu pansi, kuseri kwa makola. Atalengeza kuti akufuna munthu wothira ndowe ndi kusamalira malowo, anathamanga kukawalembetsa ndine. Kunyumba ndinachita kulalikira kuti ntchito zamasiku ano ndi zimenezi, zopulumutsa mitengo, zopanda utsi. Amuna anga anati, "Bambo akalamba, asiyeni apume." Ine osamva. Pakamwa pangapa!

Ntchitoyo anaikonda zedi. Ankalawirira ndi wilibala, ovolosi atapinda m'miyendo, n'kumauza anzawo akale kuti ndowe ndi nkhuni zosafuna nkhwangwa. Katswiri amene anamanga thankiyo anawafotokozera zoopsa zake zonse, koma anaima mbali ya khutu logontha lija.

Tsiku lina moto m'khitchini unayamba kufooka, kenako zii. Paipi inali itatsekeka penapake. Katswiri anati abwera mawa, wina asagwire kanthu. Ndinapita kukagolosale ka pageti kukagula mchere, mayi wogulitsamo n'kundiseka.

"Asisi, kwanu kwada kale? Apongozi anu angogula kandulo ndi machesi dzuwa lili paliwombo."

Mchere ndinausiya pakauntala. Mayo ine, ndinaliyatsa liwiro. Ndinadutsa pabwalo la mpira, patapata imodzi n'kuduka, ndinaisiya pomwepo. Ndinkakuwa, "Bambo! Bambo!" ndikudziwa bwinobwino kuti kukuwako n'kungotaya mawu. Mumtima ndinkangoti, ndikawauza chiyani amuna anga? Kuti ndinawachotsa pakhonde kuti adzafere kuseri kwa khola la nkhumba?

Nditakhota pakona ya makola ndinawaona. Chivundikiro cha thanki anali atachitsegula kale, abusa a ng'ombe awiri atawathandiza kunyamula. Fungo lake linali loboola mphuno. Iwo anali atagwada m'mphepete mwa dzenjelo, chitini chili pakati pa mawondo, chingwe chili m'mano. Anakhwatcha machesi oyamba, mtengo wake unathyoka. Anatulutsa achiwiri.

Sindinaganize. Ndinawalumphira n'kuwamenya dzanja, phaa! Bokosi la machesi linagwera m'matope. Abusa aja anagwira pakamwa. Ine, mkazi wa mwana wawo, amene sindinawapatsepo ngakhale madzi ndili chiimire, ndawamenya pamaso pa anthu.

Anachotsa chingwe m'kamwa pang'onopang'ono. "Apongozi, mwandimenya?"

"Tsekani! Tsekani kaye, tiyankhulana!" Ndinakuwa choncho, misozi ili chuchuchu.

"Ndiye nditsike osayesa mpweya? Mukufuna ndife?"

"Musatsike n'komwe! Mpweya umenewu umayaka!"

Sanamve, kapena sanafune kumva. Anatola chitini chawo n'kumapita. Madzulo ake chakudya chimene ndinaphika anakana. Amuna anga sanandikalipire, koma sanandiyang'anenso kumaso, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa.

M'mawa mwake katswiri anabwera, anatsegula paipiyo ali panja, osatsika m'dzenje. Atamva zadzulo anatuwa nkhope. Anawagwira dzanja a Mfuko n'kupita nawo kukhitchini kwanga, ulendo uno anaima mbali ya khutu labwino. Anatsegula chitofu pang'ono chabe, n'kuyandikitsa machesi. Moto unalumpha, bvuu, mpaka bambo aja anadzambatuka.

"Bambo, apatu ndangotsegula pang'ono," anatero katswiriyo. "M'thanki muja mwadzaza mpweya womwewu."

A Mfuko anauyang'ana motowo. Kenako anakhala pansi pasimenti, chipewa chili m'manja. Ndinkadikira kuti mwina anena za ntchito, kuti aisiya. Koma anatembenukira kwa ine.

"Apongozi, inu mumadziwa kuti uphulika?"

"Eya, bambo."

"Mukudziwa choncho, n'kuthamangira komweko?" Anapukuta m'maso ndi chipewa chija. "Nanga mwana wanga akanayamba kulira ndani?"