Bodza Langa Linandipeza m'Minibasi ya ku Machinjiri

Ndinatseka babashopu yanga ya ku Ndirande Loweruka m'mawa, tsiku limene makasitomala amachuluka, n'kuuza anzanga kuti ndikupita kumaliro. Limenelo linali bodza lachiwiri. Loyamba ndi limene linkandipititsa ku Machinjiri.

Kumeneko kumakhala a Chapansi, mkulu wopanga mafilimu amene ife a m'malokeshoni timawakonda mopenga. Dzina lawo lenileni palibe amalidziwa. Mafilimu awo saonetsa nkhope. Kamera amaikhazika pansi, ndiye ukwati, ndewu, maliro, zonse umazionera kumapazi. Anthu ankangoganizira za kumene mkuluyu anachokera: ena ankati anali wansembe, ena ankati mutu unasokonekera ku Joni. Tsiku lina ndikumeta munthu, pofuna kuoneka wodziwa zinthu, ndinati, "Anali kazitape nthawi ya chipani chimodzi. Ankabisala pansi pa matebulo m'mabala, n'chifukwa chake anthu amawadziwira kumapazi." Ndinangozipeka pomwepo, makina ali m'manja. Patatha miyezi inayi, kasitomala wina anandiuza kuti a Chapansi awaswera mawindo, ndipo amayi a kwaya amene ankasewera m'filimu yawo yatsopano onse asiya.

Cha m'ma 8 koloko ndinakwera minibasi ya ku Limbe, K1,000, n'kupatsidwa malo okwana thako limodzi. Ku Limbe ndinagula shuga ndi buledi kuti ndisakafike chimanjamanja. Ndinagulanso zitumbuwa ziwiri, koma zinathera m'thumba.

Ya ku Machinjiri inatidikiritsa pafupifupi ola, kondakitala akulumbira kuti kwatsala munthu mmodzi. Titadutsa ku Makhetha, bambo wina wa jekete anatsegula filimu ya a Chapansi pafoni. Mayi amene anakhala pambali panga, atafungatira beseni la tomato, anasuzumira n'kupukusa mutu.

"Mukuonerabe za kazitape ameneyu? Anaperekatu anthu osawerengeka."

"Malume anga anamuona ndi maso awo," anatero wa jekete uja. "Ali pansi pa tebulo ku Bangwe, kabuku kali m'manja."

Kabuku, malume, Bangwe, zonsezi ine sindinaziikemo. Bodza langa linali litanenepa, moti ndikanapanda kukhala mwiniwake ndikanalikhulupirira.

"Inu achimwene, simunamve?" mayi uja anandifunsa.

"Ndinangomvako," ndinatero, maso ali pa tomato. Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Nditatsika pamsika ndinaitana wa kabaza ya njinga yamoto. Atamva kumene ndikupita anati, "Kwa kazitape? K1,500, koma ndikakusiyani pamlatho. Pakhomo sindifika." Kuchoka pamlathopo ndinayenda pansi, kudutsa minda ya nandolo, dzuwa lili paliwombo.

Nyumbayo ndinaizindikira ndi makatoni a m'mawindo. Pakhonde panali mkulu wamfupi, wa imvi, atakhala pa kampando kofika m'akakolo. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana nsapato zanga nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kubisa phazi lina kumbuyo kwa linzake.

"Khalani pabenchipo," anatero. "Ndinu mwana wa a Makwinja, amesenjala aja a ku Limbe."

Ndinavomera. Kwa kamphindi ndinaganiza kuti mwina bodza langa linali loona.

"Mumaponda ngati malemu bambo anu. Chidendene chakumanzere chimadyekera kunja. Nsapato zawo ndinkawasokera ine."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa kabokosi ka singano, ulusi ndi timisomali. Anandifotokozera kuti ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ina ku Limbe, kuyambira ali mnyamata mpaka msana utayamba kuvuta. Pa kampando kameneko, anati, munthu suona nkhope. Umadziwa wokwiya, wofedwa, wongolandira kumene malipiro, poona mmene akuyendera. Mwana wawo atawagulira kamera anayesa kujambula ataimirira, koma anthu ankaoneka achilendo. Ataikhazika pansi m'pamene anawazindikira.

"Nanga bwanji simunawauze anthu zimenezi?" ndinafunsa.

"Anandifunsa ndani? Inu ndinu woyamba kufika."

Shuga ndi buledi zija zinali zikadali pamiyendo panga. Ndinaziika pansi, ndinagwada, mawu n'kutuluka ang'ono ngati a mwana woba ndiwo.

"Bambo, nkhani ya ukazitape ija ndinaiyambitsa ndine. Ku babashopu kwanga. Ndinangopeka."

Nkhuku inadutsa pakati pathu, inajompha pepala la buledi, palibe anaipirikitsa.

"Vulani yakumanzereyo," anatero.

Ndinavula. Sokisi inali yobooka pachala, koma pa manyazi a tsiku limenelo amenewo anali ochepa. Anadula kachidutswa ka tayala n'kuyamba kukhomera, akulankhula osadzutsa mutu.

"Mawindo si kanthu. Filimu ija inatsala gawo limodzi, la ukwati. Koma mwa amayi a kwaya aja muli mmodzi amene mchimwene wake anatengedwa nthawi ya chipani chimodzi ija, sanabwerenso. Zaka zonsezi ankafuna woti amuloze chala. Inu munamupatsa ine."

Ndinafuna andikalipire, mwina ndikanapepukidwa. Iwo anangondipatsira nsapato ija, n'kunditungira thobwa m'kapu ya pulasitiki.

"Mundichitire chimodzi," anatero. "Kumene munakazinena, mukanenenso izi."

Cha m'ma 3 koloko ndinali m'minibasi yobwerera ku Limbe. Tisanafike n'komwe ku Makhetha, wina kumbuyo anayambitsa nkhani ya kazitape wa mafilimu. Ndinatembenuka.

"Limenelo ndi bodza. Ndinalipeka ndine, ndimameta ku Ndirande. Mkulu uja ankasoka nsapato ku Limbe."

Minibasi yonse inafa nacho chiseko. Bambo wina anati, "Amatero akazitape, amatumizana." Mtsikana amene ndinayandikana naye anasuntha chikwama chake n'kuchiika mbali inayo.

Ndinafika ku Ndirande dzuwa likupendeka, ndikuponda mowongoka kwa nthawi yoyamba, koma mutu uli pansi. Ulendowu unandiphunzitsa kuti bodza lija linasiya kalekale kukhala langa, moti ngakhale mwiniwakene sindiloledwa kulibweza. Chiyambire tsiku limenelo, aliyense wokhala pampando wanga amamva za wosoka nsapato wa ku Limbe, afune asafune. Ambiri amangoti ndifulumire kumeta. Ndikamafunsa a ku Machinjiri, amati makatoni aja akadali m'mawindo, ndipo gawo la ukwati lija silinajambulidwebe.