Ababa Anazimitsa Wailesi Mochedwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chibwibwi changa chinali chodziwika m'mudzi monse. Kwathu, kufupi ndi doko la Kachulu, anthu ankanena kuti ukafuna kufunsa njira kwa Yona uyambe wapeza mpando. Mawu ankandikakamira pakhosi, ndiye aliyense anazolowera kundimalizira. Ndikangoti "Ndi-ndi-", wina wanena kale kuti, "Akuti ali ndi njala." Ine ndinkangovomera, poti kutsutsa inalinso ntchito ina.

Mphwanga Fatsani anali wosiyana nane. Pakamwa pake sipankauma, ndipo tsiku lonse ankakhalira m'madzi, kutchera miono m'mabango ndi kusaka milamba m'matope. Atayamba kukodza magazi anzake anamuchemerera, chifukwa kunyanja kwathu ambiri ankati mnyamata akatero ndiye kuti wakula. Iye ankayenda chifuwa chili patsogolo. Koma ine, amene ndinkagona naye mphasa imodzi, ndinkaona zina. M'mawa ankapita kuseri kwa nthochi n'kukhalako nthawi yaitali, atagwira pachinena, misozi ili chuchuchu.

"Achimwene, musawauze ababa," anandipempha. "Adzati ndine mwana."

Ndinasunga pakamwa kwa kanthawi, koma nditaona kuti wayamba kutuwa ndinalephera kupirira. Ababa anali msodzi. Masana amenewo ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde, wailesi ili pambali ikulengeza mpira. Ndinagwada.

"Ababa, Fa-Fa-Fatsani aku-ku-"

"Akukodza magazi? Ndinamva kale zimenezo," anatero, maso ali paukonde, khutu lili kuwailesi. "Nanenso ndinatero, suja ndili pano? Iwe ndiye ukuchedwa. Kapena ndi nsanje?"

"Ko-koma aku-"

"Zikamupweteka anena yekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tasuntha, ukunditchinga."

Mawu anali atafika kale palilime, abale, koma kuwailesi kunamveka phokoso la chigoli ndipo ababa anadumpha. Ndinadzuka n'kuchokapo.

Amayi ndinawapeza kuthandala akuwola matemba, wogula ataimirira pomwepo akudandaula kuti minibasi ya ku Zomba imusiya. "Nena msanga, Yona!" anatero amayi. Sankadziwa kuti kundifulumizitsa kunali kundimanga lilime. Atangomva dzina la Fatsani ndi mawu oti magazi, anakupiza dzanja. "Zachimuna zimenezo. Ine ndilowapo bwanji? Kawauze abambo ako."

Mvula inabwera n'kupita, ina n'kubweranso. Fatsani anasiya kupita kumiono. Nkhope inkadzuka itatupa, mapazi osalowa m'patapata, ndipo kunyumba ankati ndi ulesi wa kukula.

Pafupi ndi thandala lathu panali Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene ankawamba milamba. Tsiku lina anandipeza ndikulira kuseri kwa uvuni wawo. "Mwanangu, takhala apa," anatero. Anaika mpeni pansi, anapukuta manja pachitenje, n'kukhala pamtondo wofudikiza. Sanandiyang'ane pakamwa monga ankachitira ena. Maso awo anali kunyanja, cha ku chilumba cha Chisi. Ndinayamba, ndinakakamira, ndinatuluka thukuta, iwo osandiponyera liwu ngakhale limodzi. Milamba ina inapserera pawaya, fungo lake ndimalimvabe mpaka lero, koma sanadzuke. Kuyambira pamene ndinabadwa, limenelo linali tsiku loyamba kufika kumapeto kwa nkhani yanga.

"Wamaliza?" anandifunsa.

Ndinagwedeza mutu.

"Mapaziwo anayamba liti kutupa?"

Nditayankha anamanga chitenje, ulendo wa kwathu. Ababa anawapeza pakhonde, wailesi ikulira. "Bambo a Yona, tazimitsani kaye chimenecho," anatero ali chiimire. Ababa anazimitsa, mwina chifukwa chodabwa. Abiti Saidi anawafotokozera zonse, ndipo kutacha ababa anakwera minibasi ndi Fatsani kupita kuchipatala ku Zomba.

Anali likodzo, matenda amene amatha ndi mapiritsi munthu akafulumira. Koma adokotala anati anakhalitsa m'thupi ndipo impso zinali zitawonongeka. Fatsani anakhala akulowa ndi kutuluka m'chipatala, mpaka anatisiya asanamalize n'komwe pulayimale. Mwana wolongolola uja anapita mwakachetechete.

Maliro atatha, anthu atabalalika, ababa anandiitana pakhonde pomwe paja. Wailesi inali itakulungidwa m'nsalu, ili pamwamba pa kabati m'nyumba, ndipo sindinaimvenso ikulira pakhomo pathu.

"Yona," anatero, "tsiku lija unkafuna kunena chiyani? Nena. Ndikudikira."

Ndinakakamira monga mwa nthawi zonse, ndipo anadikiradi, manja ali pamaondo.

"Ndinkafuna kunena kuti akulira, ababa."

"Basi?"

"Basi."

Anaphimba kumaso ndi manja awo okakala aja, ndipo mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinali ndisanawaonepo akutero.

Kwa zaka zambiri ndinawasungira mkwiyo, sindikubisa. Lero, poti nanenso ndine bambo, ndikuona kuti sanali munthu wankhanza. Makutu awo anali odzaza ndi zimene ankadziwa kale, a amayi anali odzaza ndi changu cha malonda, ndipo onse ankamva chibwibwi changa m'malo momva ine. Chibwibwicho chinachepa ndikukula, ndipo chodabwitsa n'chakuti nanenso nthawi zina ndimadzipeza ndikumalizira mwana wanga wamkazi mawu, foni ili m'manja. Ndikazindikira ndimaifudikiza, n'kuluma lilime mpaka atafika kumapeto. Kenako ndimamufunsa funso la Abiti Saidi lija, "Wamaliza?"

Ndikapita kumudzi ndimakhala pakhonde paja n'kumaganiza. Fatsani bwenzi pano ali ndi ana akeake. Zimene ndinkafuna kunena tsiku lija, ndi chibwibwi chomwe, sizikanatha ngakhale nthawi yosoka diso limodzi la ukonde.