Akuti Ndife a M'nyumba

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu chaka chimene asilikali ankabwerako kunkhondo yachiwiri ya azungu. Tinkakhala m'mudzi wina kumwera kwa Chintheche. Bambo anga anali kalipentala wophunzira kumishoni, ndipo mabenchi onse a m'tchalitchi chathu anakhoma ndi iwo.

Nyumba yathu inali kuseri kwa nyumba ya njerwa ya mkulu wa mpingo. Mwana wake wamkazi anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Kusukulu tinkakhala benchi limodzi, chinangwa tinkaviika malo amodzi. Atapeza mwamuna, kalaliki wogwira ntchito ku Halale, anandiuza yekha kuti ndidzaima kumbuyo kwake m'tchalitchi pa tsiku la ukwati. Ndinasoka diresi ndi manja, masabata atatu.

Kutatsala masiku anayi, kwathu kunabwera azakhali a mnzangayo. Anapereka moni wautali, nayamikira chinangwa cha amayi chimene chinali pathandala. Kenaka anatembenukira kwa ine akumwetulira.

"Mwanangu, zoima m'tchalitchizo tapatsa msuweni wake wa ku Kande. Iwe tikukufuna kumadzi ndi kumafuwa. Alendo sangadziwe pokhala miphika. Inu ndi athu, a m'nyumba."

Amayi anawomba m'manja nati, "Yewo."

Mawu amenewo, a m'nyumba, ndinakula ndikuwamva ndipo ndinkayesa ndi chikondi. Mlendo atangopotoloka ndinawafunsa amayi chifukwa chimene anathokozera. Anayamba kutembenuza chinangwa chouma kale.

"Amama, ndikufunsa inu."

"Agogo ako, amayi a adada ako, sanabadwire kuno," anatero motsitsa mawu. "Anabwera nawo ali kamtsikana nthawi ya nkhondo zakale, kuchokera kumapiri. Anawasinthanitsa ndi nsalu. Amene anapereka nsaluyo ndi agogo a mnzakoyo."

Zinthu zimene ndinkaziona osazimvetsa zinandibwerera zonse. Bambo akapita kunyumba ya njerwa ankawayalira mphasa, chikhalirecho mipando ya pakhondepo anakhoma ndi iwo. Kwathu munthu amamuthokoza pomutchula chiwongo chake, dzina la mtundu wake, koma bambo ankangowauza yewo wopanda kanthu, ngati mwana. Akulu a mpingo anasankhidwa kangapo, ena osatha n'kuwerenga bwino, dzina la bambo osamveka. Panalibe amene anatitukwanapo. Akanatitukwana bwenzi tikudziwa poyankha. Iwo ankatikonda mmene munthu amakondera khasu lake.

Ndinapita kwa mnzangayo. Ndinamupeza akuyesa nsapato.

"Unkadziwa?"

Sanandiyang'ane. "Ndi zakale zimenezo. Ine sindiziganiza n'komwe. Koma abale a mwamuna amafunsa zambiri, ukudziwa."

"Ndiye wawayankha chiyani?"

Anangoti nsapato ya kumanzere ikumuthina.

Tsiku la ukwati ndinatunga madzi kuyambira mbandakucha, mitsuko isanu ndi umodzi. Belu litalira ndinatula mtsuko, ndinakasamba, ndinavala diresi langa. Ndinalowa m'tchalitchi ndi kupita kutsogolo, pabenchi la achibale a mkwatibwi, n'kukhala.

Palibe anandithamangitsa. Azakhali aja anandimwetulira, n'kusendera pang'ono. Wotsatana nawo anasenderanso. Nyimbo yoyamba isanathe, mbali zanga zonse ziwiri kunali malo okwana anthu awiri, pamene kumbuyo anthu anali ataimirira chifukwa chosowa pokhala. M'busa anawerenga zakuti mwa Ambuye mulibe kapolo kapena mfulu, ndipo onse anavomera mokweza.

Madzulo ake bambo anandiitanira kumene ankapalira matabwa. Ndinkayembekeza kuti anyadira.

"Wandivula pagulu," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala bwino ndi anthu awa."

"Adada, mwakhala bwino pamphasa."

Sanandimenye. Anatenga randa n'kuyamba kupala thabwa. Mawa lake anapita kukapepesa kunyumba ya njerwa atanyamula nkhuku. Ndinawaona ndi maso angawa akugwada pamaso pa munthu amene anali mng'ono kwa iwo. Mkulu wa mpingoyo anawadzutsa mwachifundo, nati ana a masiku ano ndi otero, nkhani yatha. Nkhukuyo analandira.

Mnzanga uja anapita ku Halale osanditsanzika. Chaka chotsatira mnyamata wina wa ku Mpamba anandifunsira, koma amalume ake atabwera kudzacheza m'mudzi tsiku limodzi, sanaonekenso. Ndinakakwatiwa kutali, ku Limbe, ndi munthu amene sanafunse za agogo a wina aliyense.

Bambo atamwalira ndinafika manda atakumbidwa kale, kumapeto kwenikweni, pamene pamayambira tchire. Wolankhula m'malo mwa mudzi anati malemu anali wofatsa, womvera, wosakana ntchito. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinadikira kuti wina anene kuti anali mmisiri, kapena awatchule chiwongo kamodzi kokha. Mwambo unatha, anthu anabalalika, ndipo mayi wina wa kunyumba ya njerwa anandigwira dzanja nandifunsa ngati ndingathandize kutsuka mbale za alendo. Ndinamuuza kuti atsuke yekha. Ndakalamba tsopano, ndipo mawu amenewo sindinawapepese.