Asetoni mu Thanki ya Njinga Yanga

Ndinathira mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo mu thanki ya njinga yanga yamoto, ndipo amene analipira si ine koma mwana wanga. Inu owerenga, mundimvere.

Ndimalima fodya ku Dzoole. Njingayo inayamba kutsamwa pamitunda, utsi uli tolotolo. Pa gulu lathu la pafoni wina anatumiza kanema wonena kuti asetoni, uja amayi amapukutira zikhadabo, amatsuka kabuleta ndi kupulumutsa petulo. Anati kachivindikiro kamodzi kakwana thanki yonse.

Apa ndi pamene ulimi unandisocheretsa. Ife tikamapopera mbewu timakonda kuwonjezera mankhwala kuti agwire msanga. Ndinachita chimodzimodzi: kabotolo konse. Njinga itaoneka ngati yapepuka, ndinagulanso kena n'kuthiramonso. Sindinadziwe kuti asetoni amafewetsa labala ndi mapulasitiki ena, pamene paipi yotengera petulo ku injini ndi ya labala yomweyo.

Sabata imeneyo mwana wanga woyamba, Tiyanjane, anaitanidwa ku Boma kukayesedwa mafunso olowera sukulu ya unamwino. Mayi ake anati akwere minibasi. Ine ndinakana, ndinati njinga yatsukidwa kumene, tikafika nthawi isanakwane.

Tili pakati pa mtunda wautali ndinamva fungo la petulo. Injini inatsokomola n'kuzima. Paipi inali itatupa, yofewa ngati chingamu, ndipo petulo anali atanyowetsa siketi ya mwana. Ndinamanga ndi mphira, inangophwanyika m'manja. Msewu wa fumbi uja galimoto zimadutsa mwa apo ndi apo. Tiyanjane anavula nsapato n'kuyamba kuthamanga, mapepala ake ali m'khwapa.

Anafika mayina ataitanidwa kale. Anamuuza mwaulemu kuti adzayesenso chaka chamawa.

Makaniko amene anakonza njingayo anandifunsa moseka ngati nayo imapaka zikhadabo. Anati vuto loyamba lija linali sefa ya mpweya yodzaza fumbi basi, yongofuna kusintha.

Abale anga, injini ikadwala pitani nayo kwa odziwa. Mu thanki muzilowa petulo yekha, ndipo za pafoni muziyamba mwafunsa. Ine mtima sukhala pansi. Tiyanjane sanandinenepo mawu oipa. Akuthandiza mayi ake kusoka fodya m'chigafa, akuwerenganso mabuku ake. Koma Lamulungu lililonse ndikaliza njinga kuti tipite kutchalitchi, amangokonza mpango wake n'kunena kuti, “Tsogolani ababa, ine ndiyenda pansi.”