Chigumu cha Mai Denzel

Hazel, amene pa msika wa Makoni amangomutchula kuti Mai Denzel, anakulira kunja kwa dziko la makolo ake, m'dera la Unit K, koma agogo ake anachokera ku Dedza. Chisiyireni sukulu wakhala akukazinga mandasi pokwerera makombi, maminibasi a kumeneko. Pamzere wawo ogulitsa anagwirizana kalekale kuti tebulo likakhala lopanda malonda masiku atatu, malowo atenga wina.

Mu 2022 ufa wa tirigu ndi mafuta ophikira zinakwera mtengo mpaka Hazel anangogwira pakamwa. Anthu ankati vuto ndi nkhondo ya ku Ukraine. Iye zinamuzunguza mutu.

"Nanga nkhondo ya kutsidya kwa nyanja yalowa bwanji m'poto mwanga?" anafunsa Gordon, woitanira anthu m'makombi.

"Sisi, mumayesa tirigu yense amamera kuseri kuno ku Manyame Park? Wina amabwera pa sitima. Sitima zaima, inunso imani!"

Anaimadi. Tsiku loyamba tebulo linagona chafufumimba. Lachiwiri Primrose, wogulitsa tomato pambali pake, anayamba kusendeza kireti yake pang'onopang'ono, maso ali kwina. Hazel anaona. Mwana wake Denzel adya chiyani malowo akapita?

Masana omwewo anabereka mwana n'kupita kwa azakhali ake, anaBanda.

"Iwe, kulira tirigu ngati unabadwira m'bekari? Tenga mgaiwa uko."

Anamuonetsa chigumu: mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri zimene ogulitsa amafuna kutaya, soda pang'ono, mafuta ongopaka m'poto, makala pansi ndi pachivundikiro. Choyamba chinapserera. Chachiwiri chinatuluka bwino.

M'mawa wa tsiku lachitatu anayala zidutswa zake. Gordon ananunkhiza.

"Chii ichi, n'chiyani chimenechi? Keke ya kumudzi?"

"Lawani kaye, mkamwa mwanumo muzipumako."

Gordon anatafuna, kenaka anakuwira dalaivala wake kuti abwere. Pofika masana m'beseni munatsala nyenyeswa zokha.

Patapita miyezi mitengo inayamba kukhazikika, pang'onopang'ono ngati wodwala amene akuphunziranso kuyenda. Hazel anayambiranso mandasi, koma theka la tebulo lokha, theka linalo n'la chigumu. Masiku ano wailesi ikatchula dziko limene sakulidziwa, amafunsa Gordon kuti kumeneko amalima chiyani.

Za malo zija, Primrose anabweza kireti yake tsiku lachitatu lomwelo.

"Ndimangokusungirani, asikana," anatero, uku akutola nyenyeswa m'beseni.